Mphuno ya Injini Imafuna Moto

Pali matenda ena a galimoto zakale amene amabisala pamsewu waukulu n'kumaonekera pamdipiti. Galimoto ikakhala pa liwiro, tinene kuchoka ku Dedza kutsetserekera ku Ntcheu, injini imalira bwino ndipo singano ya mafuta imatsika mwaulemu. Koma ingofika m'tauni, muja galimoto zimayenda ngati zikuperekeza maliro, zinthu zimatembenuka. Kumbuyo kumayamba kutuluka fungo la petulo wosapsa, lija lobaya m'maso. Kulira kwa injini kumakwera n'kutsika. Chala chikapisidwa kukamwa kwa paipi ya utsi chimabwerako chili bii, ngati chakhudza kunsi kwa mphika. Nthawi zina nyali ya check engine imayaka, kenako n'kudzizimira yokha galimoto ikangoyambanso kuthamanga.

Mwini galimoto amayamba ndi zodziwika: mapulagi atsopano, sefa ya mpweya, kutsukitsa ma injekita. Ndalama zimapita, fungo lili pomwepo. Chonsecho mwini mlandu ali phee pansi pa galimoto. Ndi kachitsulo kooneka ngati pulagi, komangidwa pa paipi ya utsi, kotuluka waya mmodzi yekha. Kawirikawiri kamakhala kasanafe. Kamangokhala katazizidwa.

Kachitsuloko ndi sensa ya okosijeni, imene ena amaitchula kuti lambda, ndipo ntchito yake ndi kununkhiza utsi. Injini ya petulo imawotcha bwino ikalandira magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Petulo akachuluka, okosijeni yense amathera m'moto ndipo mafuta ena amatuluka osapsa. Akachepa, okosijeni wotsala amatuluka limodzi ndi utsi. Sensa imazindikira zimenezi n'kuuza kompyuta ya injini, ndipo kompyutayo imawonjezera kapena kuchepetsa nthawi imene ma injekita amakhala otsegula.

Mkati mwa chitsulocho muli kanthu kangati kachipewa kamene atelala amavala kuchala, kowumbidwa ndi dothi lapadera lotchedwa zirconia ndi kupakidwa platinum kunja ndi mkati momwe. Kunja kwake kumadutsa utsi. Mkati mumakhala mpweya wamba, uwu uli ndi okosijeni pafupifupi 21 peresenti. Kusiyana kwa okosijeni pakati pa mbali ziwirizi kukakhala kwakukulu, kachipewako kamatulutsa magetsi kokha, ngati kabatire. Mafuta akachuluka kamafika cha pa volti 0.9, akachepa kamagwa mpaka 0.1. Malire ali pa 0.45. Sensa yamoyo sikhala malo amodzi: imakwera, kompyuta imachepetsa mafuta, imatsika, kompyuta imawonjezera, choncho choncho pafupifupi kamodzi pa sekondi iliyonse. Kuvinavina kumeneku ndiye chizindikiro chakuti zonse zili bwino.

Chosangalatsa n'chakuti sensa siwerenga malita. Imangoona okosijeni wotsala basi. N'chifukwa chake petulo wosakaniza ndi ethanol, amene Malawi adayamba kugwiritsa ntchito mu 1982 fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa, saisokoneza. Petulo wokhala ndi ethanol wa 10 peresenti amafuna mpweya wocheperako, pafupifupi magalamu 14.1, ndipo kompyuta yokhala ndi sensa yamoyo imadzikonzera yokha popanda woiuza.

Vuto lagona apa: zirconia sagwira ntchito ali wozizira. Amafuna kutentha kopitirira madigiri 300 kuti ayambe kulankhula, ndipo amamveka bwino cha m'ma 600. Sensa ikakhala yozizira, kompyuta imaileka n'kumayendera manambala amene idaloweza kufakitale. Zili ngati munthu wothira mchere m'ndiwo osalawa. Ndipo popeza injini yosowa mafuta imazima kapena kutentha kwambiri, manambala olowezawo amapendekera kochulutsa petulo. Amisiri amati injini ili mu open loop. Sensa ikatentha n'kuyamba kumveka, amati yalowa mu closed loop.

Sensa imeneyi idabadwira ku kampani ya Bosch ku Germany chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pansi pa katswiri wotchedwa Günter Bauman. Galimoto yoyamba kugulitsidwa nayo inali Volvo 240, mu 1976, yopangidwira msika wa ku California komwe malamulo a utsi anali okhwima kuposa kwina kulikonse. Ma Volvo a nthawi imeneyo ankanyadira nako kachipangizoka mpaka kulemba mawu akuti Lambda Sond kutsogolo kwa galimoto. Masensa oyambirirawo ankadalira utsi womwewo kuti uwafunditse, choncho ankamangidwa pafupi kwambiri ndi injini, pa manifodi ya chitsulo chokhuthala chimene chimasunga kutentha. Mu 1982 Bosch idatulutsa sensa yokhala ndi hita yakeyake mkati, kandodo kakang'ono kotenthedwa ndi magetsi a galimoto. Sensa yotere imadzuka pasanathe mphindi imodzi, ndipo sigona ngakhale injini ikhale ikulira galimoto itaima kwa ola lathunthu. Imakhalitsanso: ya waya mmodzi ankalangiza kuisintha ikayenda makilomita 50,000 mpaka 80,000, pamene yahita imafika 100,000 kapena kupitirira, popeza kutentha kosalekeza kumawotcha mwaye usanamatirire.

Kumene nkhani yosintha sensa ya waya mmodzi n'kuika yahita idatchuka kwambiri ndi ku America, pakati pa eni mapikapu a Chevrolet ndi GMC opangidwa kuyambira 1987 mpaka 1995, aja a injini za ma injekita zotchedwa TBI. Ambiri mwa iwo, makamaka a zaka zoyambirira, adatuluka ndi sensa ya waya mmodzi wa mtundu wa pepo. Eni ake ankakonda kuchotsa manifodi yolemera ija n'kuika mapaipi aataliatali opyapyala ofuna kuwonjezera mphamvu. Mphamvu inkabweradi, koma sensa inkasamuka kuchoka pakhosi pa injini kupita pansi pa mpando wa dalaivala, komwe utsi umafika utapola kale ndipo mphepo imawomba chitsulo. Galimoto ikaima pamaloboti, sensa inkazizira, kompyuta n'kubwerera ku zoloweza zake, nthawi zina n'kuyatsa nyali ndi kusunga nambala 13, imene pa galimoto zimenezi imatanthauza kuti sensa yasiya kumveka.

Kuno kwathu mapikapu amenewo ndi osowa, koma matendawo amafika ndi njira ina. Galimoto yochokera ku Japan ya zaka za m'ma 1990 yayenda m'misewu yathu zaka zambirimbiri, ndipo paipi yake ya utsi yadutsa m'manja mwa owotcherera angapo. Manifodi idasweka n'kulowedwa m'malo ndi ya galimoto ina. Chosefera utsi chija, catalytic converter, chidadulidwa kalekale chifukwa cha zitsulo zamtengo wapatali zimene zili mkati mwake, n'kuikapo paipi wamba. Pogwira ntchito zimenezi, bowo la sensa limaikidwa pamene pali posavuta kufikira, osati pamene pali potentha. Mapeto ake ndi omwe aja a ku America.

Kuwerenga mawaya

Sensa ya waya mmodzi imatumiza uthenga pa wayayo, ndipo earth yake imadzera m'thupi lake lachitsulo kupita ku paipi ya utsi mpaka ku injini. Ya mawaya atatu ili chimodzimodzi, kungoti awiri owonjezerawo ndi a hita. Ya mawaya anayi ili ndi awiri a hita, mmodzi wa uthenga ndi mmodzi wa earth ya uthengawo. Pa galimoto yakale, ya mawaya anayi ndiyo yanzeru kusankha, chifukwa paipi yadzimbiri, yolumikizalumikiza, yolendewera pa timalabala, si njira yodalirika yodutsamo magetsi osakwana volti imodzi.

Kompyuta yakale sidziwa n'komwe kuti sensa yasinthidwa. Imalandira uthenga womwe uja wa pakati pa 0.1 ndi 0.9 pa waya womwe uja. Ntchito yonse ya mmisiri ndi kupezera hita moto ndi earth, kenako kuonetsetsa kuti moto wa hita usayandikire uthenga.

Apa ndiye pamene pamagwera anthu ambiri, chifukwa mitundu ya mawaya si imodzi. Pa sensa ya Bosch, mawaya awiri oyera ndi a hita, wakuda ndi wa uthenga, wotuwa ngati phulusa ndi earth. Pa sensa ya Denso, imene imapezeka m'ma Toyota ambiri, mawaya awiri akuda ndiwo a hita, wa buluu ndi uthenga, woyera ndi earth. Pa masensa ambiri a General Motors, uthenga ndi wa pepo ndipo a hita ndi awiri a bulauni. Ndiye taganizani mmisiri amene wazolowera Toyota, wapatsidwa sensa ya Bosch. Mutu wake umamuuza kuti wakuda ndi hita. Amatenga moto wa mavolti 12 n'kuupereka pa waya wa uthenga, ndipo sensa yatsopano imatha kuwonongeka injini isanalire n'komwe. Choopsa kuposa apo ndi moto womwewo ukalowera mbali ina, ku waya wopita ku kompyuta.

Njira yosanama ndi ya mita. Mawaya awiri ofanana mtundu ndiwo a hita pafupifupi pa sensa iliyonse, ndipo mita ikaikidwa pa ma ohm pakati pa awiriwo imawerenga nambala yaing'ono, kuyambira cha pa 2 mpaka cha pa 16 kutengera mtundu wa sensa. Ikapanda kuwerenga kanthu, hita idaduka ndipo sensayo ndi yobweza kwa wogulitsa. Hita ilibe mbali: waya uliwonse mwa awiriwo ukhoza kulandira moto, winayo n'kupita ku earth. Mawaya awiri otsalawo amatsimikizidwa ndi pepala la m'bokosi la sensa, osati ndi kuyerekeza, ndipo sayesedwa pa ma ohm chifukwa mita imatumiza timagetsi take mu zirconia.

Pali msampha wina umene maso sangaone. Si sensa iliyonse ya mawaya anayi imene imalankhula chinenero cha kompyuta yakale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Toyota idayamba kuika kutsogolo masensa otchedwa air-fuel ratio, amene kunja amafanana ndi akale ngati mapasa koma amagwira ntchito mwa njira ina kotheratu. Palinso a titania, opezeka m'ma Nissan ena ndi ma Jeep a chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, amene satulutsa magetsi okha. Sensa ya mtundu wa wideband, monga Bosch LSU 4.9, imafuna kabokosi kakekake koiyendetsa. Pamulu wa zida zakaunjika pamsika, zonsezi zimagona pamodzi zitadulidwa mapulagi ake, ndipo wogulitsa amalumbira kuti iliyonse ilowa. Kulowa imalowadi, popeza mazinga ake ambiri ndi amodzi, M18 x 1.5, omasulidwa ndi sipanala ya 22. Koma yofunika pa ntchitoyi ndi ya zirconia wamba, ndipo nambala yolembedwa pathupi pake ndiyo ingatsimikize.

Moto uchokere kuti

Hita ya sensa imadya pang'ono, pakati pa mawati 12 ndi 18 pa masensa ambiri akale, kutanthauza amp imodzi kapena imodzi ndi theka ikatentha, ndi kupitirirapo m'masekondi oyamba idakali yozizira. Chifukwa choti ndi zochepa, anthu amangotola moto paliponse pamene nyali yoyesera yayaka. Kusankha malo kumeneku ndiko kumasiyanitsa ntchito yokhalitsa ndi yobwerera ku galaji.

Kutenga moto molunjika ku batire ndi kulakwa koonekeratu. Hita siidzazima. Amp imodzi ndi theka kwa maola 24 ndi ma amp-hour 36, pamene batire la galimoto yaing'ono limasunga cha m'ma 45. Galimoto yoimikidwa Loweruka madzulo idzafuna okankha Lolemba m'mawa.

Kutenga pa waya wa wailesi, uja amayaka kiyi ikangotembenuzidwa kamodzi, n'kolakwikanso ngakhale kumaoneka kwanzeru. Dalaivala amene akudikira munthu, akumvera mpira injini itazima, amakhala akuwotcha sensa kwa mphindi 90. Batire likutha, komanso pali choopsa china. Injini yozizira ikangolira, nthunzi ya mu utsi imasanduka madontho m'paipi, aja amaoneka akudontha kumbuyo m'mawa wa mwezi wa June. Dontho limodzi likagwera zirconia wofiira kale, zimachitika ndi zomwe zimachitikira galasi la nyali ya parafini likadontheredwa madzi lili lotentha. Mng'alu wake suoneka, koma sensa imayamba kunama kuyambira tsiku limenelo.

Ena amatenga pa koilo. Pa galimoto zina zakale moto wa pa koilo umadutsa kaye pa ballast resistor, choncho sukwana mavolti 12, ndipo ndi moto waphokoso, wodukaduka ndi kuthetheka kwa mapulagi. Kuubereka katundu wina ndi kufooketsa moto wa mapulagi omwewo.

Njira yaukhondo ndi ya relay wamba ya miyendo inayi, yomwe ija amaikira mahutala ndi nyali zowonjezera. Mwendo wolembedwa 30 umalandira moto kuchokera ku batire kudzera pa fyuzi ya ma amp 10, ndipo fyuziyo imakhala pafupi ndi batire, chifukwa ntchito yake ndi kuteteza waya yense akakhudza chitsulo. Mwendo 87 umapita ku waya mmodzi wa hita. Mwendo 85 umapita ku earth. Mwendo 86 ndiwo umalandira lamulo, ndipo lamulo labwino kwambiri limachokera pa waya wopereka moto ku pampu ya petulo. Pampu imeneyi pa galimoto za ma injekita imayenda mosalekeza pokhapokha injini ikuzungulira. Pa ma Chevrolet aja imalira masekondi awiri kiyi ikatsegulidwa, n'kuzima mpaka injini italizidwa. Motero hita imayaka limodzi ndi injini n'kuzima limodzi nayo, ndipo pampu siimva kulemera kulikonse popeza relay imangomwa timagetsi tochepa kwambiri. Waya wa kukula kwa 1 mm² ndi wokwana.

Earth ziwiri, malo awiri

Sensa ya mawaya anayi imasiya mawaya awiri ofuna earth: wa hita ndi wa uthenga. Ulesi umanong'oneza kuti apotedwe pamodzi n'kumangidwa pa bawuti imodzi yapafupi. Masamu ake akukana. Tiyerekeze kuti bawutiyo ili ndi kadzimbiri kochepa kokwana 0.1 ohm, kamene maso sangakaone. Hita ikamakoka amp imodzi ndi theka kudutsa pamenepo, pamatsalira volti 0.15. Ku nyali ya kutsogolo zimenezi si kanthu. Koma kwa sensa imene mawu ake onse amathera pa 0.9 ndipo malire ake ali pa 0.45, volti 0.15 ndi bodza lalikulu. Uthenga wonse umakwera, kompyuta imakhulupirira kuti mafuta achuluka, n'kuyamba kumana injini.

N'chifukwa chake amisiri osamala amamanga earth ya hita pa thupi la galimoto kapena pa injini, pamalo opalidwa mpaka chitsulo kuwala, ndipo earth ya uthenga amaipititsa payokha pamene kompyuta imatengera earth yake, kawirikawiri pa bawuti ya pa manifodi yolowetsa mpweya kapena pamutu pa injini, pamene pamakumana timawaya tingapo ta fakitale. Sensa ndi kompyuta zimayenera kuyezera pa mulingo umodzi. Ndipo lamba wa earth uja wochoka pa injini kupita ku thupi la galimoto, amene nthawi zambiri amaiwalika injini ikatsitsidwa n'kubwezeredwa, ayenera kukhalapo ndi kukhala wolimba.

Kalumikizidwe nako kali ndi mwambo wake. Chizolowezi cha m'magalaji ambiri n'chodziwika: kusenda waya ndi mano, kupota ndi zala, kukulunga tepi yakuda, tepi ikasowa kachidutswa ka jumbo. Pafupi ndi paipi ya utsi tepi imasungunuka m'masabata ochepa. Mmisiri wodzitama amati iye amamata ndi solder, koma pa sensa izinso sizoyenera. Mawaya otuluka mu sensa nthawi zambiri ndi achitsulo chosachita dzimbiri, osati mkuwa, ndipo solder sagwira bwino pamenepo. Komanso masensa ambiri, a Bosch makamaka, amapumira m'mawaya momwemo: mpweya wamba uja wofunika mkati mwa kachipewa umalowa kudzera m'timipata ta pakati pa tingwe ta waya. Solder, girisi kapena mafuta opopera zikatseka timipatato, sensa imabanika. Cholondola ndi kufinya mawaya m'timapaipi tachitsulo tolumikizira, ndi pulayala yake yeniyeni, n'kuvalika chubu chofota ndi kutentha. Mfundo zinayizo zisakhale pamzere umodzi. Iliyonse italikirane ndi inzake pang'ono, kuti chubu china chikadzang'ambika, moto wa hita usadzapsompsone waya wa uthenga. Mtolo wonse umangidwe kutali ndi paipi ya utsi, kutali ndi shafiti yozungulira, ndiponso usayende limodzi ndi mawaya a mapulagi.

Za kumasula ndi kumanga n'zachidule. Batire limachotsedwa waya wa negative kaye. Galimoto imakhazikidwa pa zochirikiza zolimba, osati pa jeke yokha. Sensa yakale imamasuka bwino paipi ikakhala yofunda. Ma Toyota ena akale alibe mazinga pa paipi, sensa yake imagwidwa ndi manati awiri, choncho pamafunika kachitsulo kosinthira. Mafuta oletsa kugwirana amapakidwa pa mazinga pokha, osakhudza mphuno. Ngati bowo likuboolewa latsopano, likhale chakumtunda kwa paipi, pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko munthu akayerekeza paipiyo ndi wotchi, kuti madzi asamadikhe m'sensa. Likhalenso patsogolo pa catalytic converter ngati idakalipo, ndipo pakati pa injini ndi sensa pasakhale pobooka paliponse. Kabowo kangati ka msomali kamayamwa mpweya wakunja, sensa n'kunena kuti mafuta achepa, kompyuta n'kumathira petulo wosafunika. Pa ma Chevrolet aja zimenezi zimabweretsa nambala 44.

Zimene hita singachize

Kunena zoona, pali galimoto zambiri zimene ntchito yonseyi singazithandize. Nissan 1400, kabakkie kaja kadapangidwa ku South Africa mpaka 2008, kamayendera kabureta. Kalibe kompyuta yomvera sensa. Kuikapo sensa kungathandize kokha ngati pali geji yoonetsa dalaivala mmene mafuta akupsera, ndipo pa ntchito yochuna kabureta wideband ndiyo imanena zomveka. Mbali inayi, galimoto zatsopanopo, za dongosolo la OBD-II limene lidakhala lamulo ku America mu 1996, zili kale ndi hita yoyendetsedwa ndi kompyuta. Hita ikafa zimalemba P0135, ndipo mankhwala ake ndi kupeza chaduka, osati kulambalala kompyuta ndi relay.

Ndiye pali nkhani ya thermostat. Amisiri ambiri a m'madera otentha amaichotsa n'kuitaya, amati ndi ya kumayiko a chisanu. Koma kompyuta isanayambe kumvera sensa ya okosijeni, imafunsa kaye sensa ya kutentha kwa madzi. Injini yopanda thermostat imachedwa kutentha, ndipo pamtsetse wautali kapena m'mawa wozizira imapolanso. Kompyuta ikaona madzi ozizira imapitiriza kuthira mafuta ngati kudakali m'mamawa. Munthu akhoza kugula sensa yabwino, kuimangira relay mwaluso, koma kompyuta osaifunsa kanthu.

Mphuno ya sensa yakale ndi yofunika kuiyang'anitsitsa isanatayidwe, chifukwa imaulula chimene chidaipha. Mwaye wakuda wofewa ukunena za mafuta ochuluka. Ufa woyera ukuloza silicone, uja amamatira magasiketi mowolowa manja, amene nthunzi yake imaphimba platinum. Madzi a mu radiator olowa m'masilinda gasiketi ya pamutu ikapsa, ndi oilo wa injini yotha mapisitoni, nazonso zimasiya zipsera zake. Kale mdani wamkulu anali mtovu wa mu petulo. Mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara adasiya petulo wa mtovu pa 1 January 2006, ndipo dziko lomaliza padziko lonse, Algeria, lidamaliza wake mu 2021. Galimoto imene idafika kuno chisanafike chaka cha 2006 idamwako petulo ameneyo, ndipo ngati sensa yake ndi yomwe idabwera nayo, n'zokayikitsa kuti idakali ndi mphuno. Chimene chidapha yakale chikapanda kukonzedwa, yatsopano idzatsata njira yomweyo.

Kuyesa ntchito

Zonse zikalumikizidwa, mita ya manambala ndiyo imaweruza. Nyali yoyesera ndi mita zotsika mtengo za singano siziyenera kukhudza waya wa uthenga, chifukwa zimamwa magetsi ochuluka kuposa amene sensa ingapereke. Kiyi ikatsegulidwa injini isanalire, pa hita pasakhale moto wokhalitsa. Injini ikalira, pafike mavolti 13 kapena 14. Pa waya wa uthenga, nambala imayamba itaima, kenako pasanathe mphindi imodzi imayamba kugwedezeka. Injini ikatentha n'kuikweza kufika pozungulira ka 2,500 pa mphindi, manambala azithamanga pakati pa 0.1 ndi 0.9. Kuzula kapaipi ka vacuum kuyenera kuigwetsa pansi, kuponda mafuta mwadzidzidzi kuikweze pamwamba.

Ma Toyota akale, asanafike a OBD-II, ali ndi kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS pafupi ndi injini. Kulumikiza mabowo ake a TE1 ndi E1 ndi kawaya kumachititsa nyali ya check engine kuphethira manambala, ndipo 21 ndi ya sensa ya okosijeni. Buku la Toyota limafuna kuti pa liwiro la 2,500, magetsi a pa bowo la VF1 la m'kabokosi komweko asinthe kasanu ndi katatu kapena kupitirira m'masekondi khumi.

Ma Chevrolet aja ali ndi njira yosafuna n'komwe mita. Pansi pa chiwongolero pali soketi yotchedwa ALDL. Mmisiri amapinda kawaya kopanira mapepala, n'kulumikiza mabowo A ndi B injini ikulira. Nyali ya pa dashibodi imayamba kuphethira mofulumira, kawiri ndi theka pa sekondi, kusonyeza kuti kompyuta ikuyendera zoloweza. Sensa ndi madzi zikatentha, kuphethira kumatsika kufika kamodzi pa sekondi. Ndi sensa yakale ya waya mmodzi yokhala kutali ndi injini, kuphethira kodekhako kunkatha pakangopita mphindi zochepa galimoto itaima, nyali n'kuyambanso kuthamanga. Ndi yahita, mmisiri amachotsa phazi pa mafuta, amatsamira pampando, n'kuyang'ana wotchi. Zikadutsa mphindi khumi nyali idakaphethira kamodzikamodzi, amazula kawaya kaja n'kutseka boneti.